Musanalipire fizi ya kosi ya kadyedwe ndi functional medicine, ganizirani kaye wodwala

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko kudzera mu nyuzipepala yanuyi pa nkhani ya makosi a za kadyedwe ndi zija akuti functional medicine (njira imene eni ake amati imafufuza gwero la matenda n'kuchiza kudzera m'zakudya, kakhalidwe ndi mavitamini), amene masiku ano angoti mbwee pa intaneti. Ukangosaka kamodzi kokha za nutrition pa Facebook kapena pa YouTube basi foni yako yadzadza ndi zotsatsa, uyu akuti miyezi itatu yokha ukhala katswiri, uyu akuti uziona odwala uli kunyumba kwako pa kompyuta, winanso akuti madokotala amangoziziritsa ululu koma ife tikuphunzitsa kupeza gwero lenileni la matenda. Nde amene akukopeka ndi ambiri, achinyamata omaliza sukulu amene ntchito sikupezeka, manesi amene atopa ndi mashifiti a usiku, aphunzitsi, ngakhalenso anthu amene anadwala okha nthawi yaitali n'kupezako bwino atasintha kadyedwe. Ine sindikuwaimba mlandu ayi, chomwe chikuwakoka ndi chabwino, akufuna kuthandiza anzawo. Chomwe chikundidetsa nkhawa n'chakuti ambiri akusankha kosi poyang'ana kuti ndi yaifupi bwanji, fizi yake ndi yotani, satifiketi yake ikuoneka bwanji, pomwe funso loyamba limayenera kukhala lakuti tsiku limene munthu wodwala adzakhale patsogolo panga n'kundikhulupirira, kodi kosi imeneyi idzakhala itandiphunzitsa zokwanira kuti ndisamupweteke?

Ndiyambe ndi komwe zinachokera, chifukwa otsatsa ambiri amazikamba ngati ndi nthambi ya udokotala yofanana ndi ya mtima kapena ya ana pomwe sizili choncho. Functional medicine inayambira ku America, amene anaiyambitsa ndi Jeffrey Bland, munthu amene anaphunzira za biochemistry, ndipo mu 1991 iyeyu ndi mkazi wake anakhazikitsa bungwe la Institute for Functional Medicine. Inadzatchuka kwambiri mu 2014 pomwe chipatala chachikulu cha Cleveland Clinic chinatsegula senta yake ya functional medicine motsogozedwa ndi dokotala Mark Hyman. Koma bungwe la American Board of Medical Specialties, lomwe limavomereza nthambi za ukatswiri wa madokotala kumeneko, silinaiike pa mndandanda wake. Nalo bungwe la American Academy of Family Physicians mu 2014 linaimitsa kupereka mapointi a maphunziro owonjezera kwa madokotala ochita makosi amenewa ponena kuti umboni wake ndi wosakwanira, ndipo mu 2018 linangofewetsako pang'ono, n'kulola makosi ofotokoza chabe kuti functional medicine ndi chiyani kuti dokotala athe kuyankha odwala akamamufunsa, koma osati ophunzitsa kuchiza anthu mwa njira imeneyi. Izi sindikunena kuti ndinyoze aliyense, ndikunena kuti amene akulipira fizi adziwe kuti akulowa mu chinthu chimene madokotala okhaokha akadakanganabe.

Zabwino zilimo ndithu, ndipo n'chifukwa chake anthu amazikonda. Wodwala amapatsidwa nthawi, mwina ola lathunthu, kumufunsa kuti amadya chiyani, amagona bwanji, ntchito yake ndi yotani, kunyumba kuli mtendere kapena ayi, matenda anayamba liti ndipo nthawi imeneyo pa moyo wake pankachitika chiyani. Munthu amene wazolowera kulowa kwa dokotala n'kutuluka pasanathe mphindi zisanu atanyamula kapepala ka mankhwala, akakumana ndi womumvetsera chonchi amamva ngati wachira kale. Zimenezi palibe angatsutse. Koma taonani, kumvetsera wodwala, kukonza kadyedwe, kulimbitsa thupi, kugona mokwanira, zonsezi si za functional medicine yokha ayi, ndi zimene sayansi wamba ya kadyedwe yakhala ikuphunzitsa ndipo umboni wake ndi wolimba kwambiri. Ku America kunachitika kafukufuku wotchedwa Diabetes Prevention Program, zotsatira zake zinatuluka mu 2002, munali anthu oposa 3,000 amene shuga wawo anali atayamba kukwera koma asanafike podwala. Amene anathandizidwa kuchepetsa thupi ndi pafupifupi 7 peresenti ndi kuchita zolimbitsa thupi mphindi 150 pa sabata, mwayi wawo wodwala shuga unatsika ndi 58 peresenti, pomwe amene anapatsidwa mankhwala a metformin unatsika ndi 31 peresenti. Ku Britain kafukufuku wa DiRECT mu 2017 anasonyeza kuti mwa odwala shuga wa mtundu wachiwiri amene anaikidwa pa ndondomeko yochepetsa thupi moyang'aniridwa, 46 peresenti shuga wawo anabwerera m'malo chaka chitatha osamwanso mankhwala a shuga. Ndipo kale mu 1991 zinatsimikizika kuti vitamini wa folic acid, mayi akamamwa asanatenge mimba ndi kumayambiriro kwa mimba, amateteza ana ambiri kubadwa ndi vuto la msana wosatsekeka. Nde amene akufuna kuchiza ndi kupewa matenda kudzera m'zakudya sakulota, njirayo ilipo ndipo ndi yotsimikizika. Nkhani ndi yakuti kosi imene mukufuna kulowayo imaphunzitsa zimenezi mozama kapena imangozidutsa mothamanga kuti ifike pa zina zimene zimabweretsa ndalama.

Zina zimenezo ndi zomwe ndikufuna kukhalapo pang'ono, chifukwa m'pamene anthu amapwetekera.

Tsegulani silabasi ya kosi iliyonse ya functional medicine muone gawo la mayeso a ku labu. Nthawi zambiri mupezamo kuyeza magazi kwa IgG, mtundu wina wa asilikali a m'thupi, akuti kuti mudziwe zakudya zimene thupi la munthu limakana. Zotsatira zake zimabwera pa pepala looneka bwino kwambiri, mayina a zakudya ali m'mizere, pambali pake timizere tobiriwira, tachikasu ndi tofiira, mazira chofiira, mkaka chofiira, tirigu chofiira, ndipo wodwala akaona amangoti eya nchifukwa chake ndimavutika m'mimba. Koma zoona zake n'zakuti IgG wa chakudya amangosonyeza kuti thupi lakhala likukumana ndi chakudyacho, munthu wabwinobwino amakhala naye, ndiye zimene zimatuluka zofiira nthawi zambiri ndi zomwe munthuyo amadya kawirikawiri basi. Mabungwe a madokotala a ma allergy ku America, ku Canada ndi ku Ulaya onse analangiza kuti mayeso amenewa asamagwiritsidwe ntchito pofufuza zakudya zoyabwa kapena zokanidwa ndi thupi. Tsopano taganizirani mayi amene wauzidwa kuti mwana wake wa zaka zitatu asiye mazira, mkaka ndi zakudya zina khumi chifukwa cha pepala limeneli. Mwana uja ayamba kutsika sikelo, ndipo amene wachititsa ndi munthu wa mtima wabwino amene anangotsatira zimene kosi inamuphunzitsa.

Mupezamonso zija akuti adrenal fatigue, kuti munthu amene amangokhala wotopa ndiye kuti tiziwalo tokhala pamwamba pa impso tatopa ndi nkhawa. Mu 2016 akatswiri anaunika pamodzi kafukufuku 58 wokhudza nkhaniyi ndipo sanapeze umboni woti matenda oterewa alipo, nalo bungwe la akatswiri a za mahomoni la Endocrine Society silimawavomereza. Kutopako n'kwenikweni, munthuyo sakunama, koma kutopa kosatha kumatha kukhala kuchepa kwa magazi, chithokomiro chosagwira bwino ntchito, shuga, TB, HIV, matenda a mtima, kuvutika maganizo, khansa imene ikuyamba kumene, ngakhalenso matenda enieni a tiziwalo timeneti otchedwa Addison omwe amapha akapanda kupezedwa. Zonsezi zimayezedwa ndipo zambiri zili ndi chithandizo. Munthu ukamupatsa dzina la matenda omwe kulibe n'kumupatsa mabotolo a mavitamini kuti akamwe miyezi isanu ndi umodzi, wamuchedwetsa kupita kumene akanapezeka ndi vuto lenileni, ndipo miyezi imeneyo kwa ena ndi imene imasiyanitsa kuchira ndi kusachira. Chimodzimodzi kuyeza tsitsi pofuna kudziwa michere imene ikusowa m'thupi, kapena kumwetsa munthu mankhwala okoka zitsulo kenako n'kuyeza mkodzo n'kumuuza kuti thupi lake ladzadza poizoni, pomwe mankhwala amenewo amakweza manambala mwa aliyense olo wabwinobwino, ndipo akatswiri a za poizoni a American College of Medical Toxicology anachenjeza kale za njira imeneyi.

Sindikuti kosi ikangotchula zinthu zimenezi ndiye ndi yoipa. Kosi yabwino imazitchula ndithu koma imakuuzaninso kuti umboni wake wafika pati, amene amatsutsa akuti chiyani ndipo chifukwa chake n'chiyani. Mwachitsanzo nkhani ya mabakiteriya a m'matumbo ndi sayansi yeniyeni imene ikukula, koma akatswiri sanagwirizanebe kuti matumbo athanzi amayenera kukhala ndi mabakiteriya ati pa mlingo wanji, nde lekichala woona mtima anena zimenezi poyera, pomwe wogulitsa angokupatsani fomu yotumizira chimbudzi ku labu ndi mndandanda wa zoti mumugulitse wodwala zotsatira zikabwera. Pemphani kuonerako phunziro limodzi musanalipire, ambiri amalola, ndipo mvetserani ngati pena pake lekichala akunena kuti apa kafukufuku sanafike, kapena kuti izi tinkaphunzitsa kale koma zinapezeka kuti si zoona. Ngati ola lonse likutha chilichonse chili ndi yankho, matenda aliwonse ali ndi gwero limodzi ndi botolo lake, chenjerani.

Ngakhale kafukufuku amene otsatsa amakonda kutchula, wa ku Cleveland Clinic wa mu 2019 uja, muyenera kudziwa kumuwerenga. Anapeza kuti odwala a ku senta ya functional medicine ananena kuti akumva bwinoko m'thupi patatha miyezi isanu ndi umodzi poyerekeza ndi a kuchipatala wamba, zoona, koma anthuwo sanagawidwe mwa maere, anasankha okha kupita kumeneko, ndipo munthu amene wasankha yekha, ali ndi nthawi, ndi wokonzeka kusintha moyo wake, amakhala wosiyana kale ndi mnzake. Ndiye sungadziwe kuti chathandiza ndi chiti, kaya ndi nthawi imene anapatsidwa, kaya ndi kadyedwe, kaya ndi mabotolo aja. Kosi imene ingakuphunzitseni kuona zinthu ngati zimenezi nokha ndi imene ili ya phindu, ndipo n'chifukwa chake ine ndimati ngati mu silabasi mulibe phunziro la statistics ndi kawerengedwe ka kafukufuku, kosiyo ikukukonzekeretsani kukhala wobwereza zonena ena, osati woganiza.

Tsopano za ma supplement, mavitamini ndi zitsamba za m'mabotolo zija, apa m'pamene pali ndalama zambiri. Ku America lamulo la mu 1994 limalola kuti ma supplement azigulitsidwa popanda bungwe la boma loona za zakudya ndi mankhwala la FDA kuyamba lawavomereza ngati mmene limachitira ndi mankhwala, ndipo ambiri mwa mabotolo amene makosi amenewa amalimbikitsa amachokera mu msika umenewo. Anthu amaganiza kuti vitamini sangapweteke munthu poti ndi wachilengedwe. Ku Finland anayesa beta carotene, imene thupi limaisandutsa vitamini A, pa amuna osuta fodya pafupifupi 29,000 akuyembekezera kuti awateteza ku khansa, zotsatira za mu 1994 zinasonyeza kuti khansa ya m'mapapo inakwera ndi 18 peresenti mwa amene ankamwa, ndipo kafukufuku wina wofanana naye ku America anaimitsidwa mu 1996 pa chifukwa chomwechi. Vitamini E anayesedwa pa amuna kuti ateteze khansa ya prostate, mu 2011 zinapezeka kuti anaikweza ndi 17 peresenti. Vitamini A wambiri kwa mayi woyembekezera amatha kupundula mwana m'mimba, vitamini B6 wambiri kwa nthawi yaitali amawononga mitsempha mpaka manja ndi mapazi kuchita dzanzi. Chitsamba chija cha St John's wort chimene ena amapatsa anthu ovutika maganizo chimafooketsa mphamvu ya ma ARV ena, mapilitsi olera ndi warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana. Amene anayesa beta carotene aja sanali opusa, maganizo awo ankamveka bwino pa pepala, koma atayesa pa anthu zinatuluka zosiyana. Nde kosi imene imakuphunzitsani kuti poti chinthu chakuti chimagwira ntchito yakuti mu selo ndiye kuti kumwa chambiri kuthandiza, ikukuphunzitsani maganizo omwe aja amene anapweteka anthu.

Ndipo yang'anani bwino kuti sukuluyo ikudya kuti. Pa tsamba la makosi ena mukatsikira m'munsi mupeza kuti ophunzira amalandira kuchotseredwa mtengo ku kampani yakutiyakuti ya ma supplement, kapena kuti mukamaliza mudzatsegulidwa akaunti yoti odwala anu azigula kudzera kwa inu n'kumalandira kenakake pa botolo lililonse, kapenanso lekichala yemweyo ndi mwini wake wa labu imene akuti muzitumizako magazi. Munthu amene malipiro ake amakwera wodwala akagula zambiri, olo akhale woona mtima bwanji, zimavuta kuti auze wodwala kuti inu simukufunika botolo lililonse, ingochepetsani mchere usafike magalamu asanu pa tsiku monga amalangizira a World Health Organization, muzidya masamba ndi zipatso, muziyenda. Koma nthawi zambiri malangizo oona amakhala amenewo.

Chinanso chimene ambiri amadzazindikira mochedwa ndi chakuti satifiketi ndi chilolezo chogwira ntchito ndi zinthu ziwiri zosiyana. Sukulu ikhoza kukupatsani pepala, koma amene amanena kuti mukhoza kuona odwala ndi malamulo a dziko limene mukukagwirako ntchito. Ku Britain udindo wa dietitian, katswiri wolangiza odwala za kadyedwe, ndi wotetezedwa ndi lamulo, sungadzitchule choncho usanalembetsedwe ku Health and Care Professions Council, pomwe dzina la nutritionist aliyense akhoza kudzipatsa, kaundula wa Association for Nutrition umalowamo mwa kufuna kwako. Ku America kuti ukhale registered dietitian umayenera kudutsa mu pulogalamu yovomerezedwa ndi bungwe la ACEND, kugwira ntchito moyang'aniridwa maola osachepera 1,000, kulemba mayeso a dziko lonse, ndipo kuyambira mu Januwale 2024 umayeneranso kukhala ndi digiri ya masters. Njira ina ya Certified Nutrition Specialist nayo imafuna masters kapena kuposera apo, maola 1,000 oyang'aniridwa ndi mayeso. Tsopano muyerekeze zimenezi ndi kosi ya masabata khumi ndi awiri ya mavidiyo. Ngakhale satifiketi ya Institute for Functional Medicine yeniyeniyo imaperekedwa kwa anthu amene ali kale pa ntchito ya zaumoyo ndi mapepala awo, ndipo siwonjezera chilichonse pa zimene lamulo limakulola kuchita, nesi amakhalabe nesi, amene saloledwa kulemba mankhwala salembabe.

Dokotala wina wa ku Britain, Ben Goldacre, pofuna kusonyeza kuti ena mwa mapepalawa ndi opanda pake, analipira madola 60 ku bungwe lina la alangizi a za kadyedwe la ku America n'kulandira satifiketi ya umembala m'dzina la mphaka wake amene anali atafa kale. Nkhaniyi ena amaiseka koma ine imandimvetsa chisoni, chifukwa pepala ngati lomwelo lapachikidwa pa khoma la munthu wina amene lero akulangiza wodwala impso.

Nde musanatumize ndalama, lembani kalata kapena imbani foni ku bungwe limene limalembetsa ogwira ntchito zaumoyo m'dziko limene mukufuna kudzagwiramo ntchito, atchulireni dzina la kosi ndi la sukulu, muwafunse mwachindunji ngati pepala limeneli amalizindikira ndipo lingakuloleni kuchita chiyani. Funsaninso bungwe la boma loona za maphunziro a ukachenjede ngati sukuluyo ili pa mndandanda wawo. Musakhutire ndi chidindo chokongola cha pa tsamba la sukulu cholembedwa kuti ndi yovomerezeka, fufuzani kuti wavomerezayo ndi ndani, chifukwa pali masukulu amene amakhazikitsa okha kabungwe kowavomereza, adiresi yake n'kukhala yomweyo. Werenganinso timalemba ting'onoting'ono ta pansi penipeni pa tsamba, nthawi zambiri m'pamene amalemba zoona zake, kuti pulogalamu ino siyikupatsani chilolezo choyeza, kupeza kapena kuchiza matenda, pomwe pamwamba pa tsamba lomwelo pali chithunzi cha munthu wovala gawuni yoyera. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo apa phulalo ndi fizi ya chaka chonse.

Koma kwa ine chachikulu kuposa zonse ndi ma practical, kugwira ntchito ndi odwala enieni pali wina wodziwa akukuyang'anira. Zinthu zina sizilowa m'mutu poonera vidiyo. Wodwala impso wakhala apo miyendo yotupa, iwe mu mtima mwako ukudziwa kuti zipatso ndi masamba ndi zabwino kwa aliyense, koma wokuyang'anira akukulozera pa fayilo nambala ya potassium n'kukuuza kuti uyu ukamuonjezera zimenezo mtima wake ukhoza kuima. Wina akumwa warfarin, ukamuuza kuti ayambe mwadzidzidzi kumwa juwisi wa masamba obiriwira tsiku lililonse vitamini K asokoneza mankhwala ake magazi n'kuundana. Wina amabaya insulin ndipo wamva pa intaneti za kusala kudya maola ambiri, ukamulimbikitsa osalankhula ndi dokotala wake kuti asinthe mlingo, shuga atsika mpaka kukomoka. Wina wakhala pa metformin zaka zambiri akudandaula dzanzi, uyenera kukumbukira kuti mankhwalawa amatsitsa vitamini B12. Ndipo munthu amene wakhala nthawi yaitali osadya mokwanira, wowonda kwambiri, chifundo chimakuuza kuti umudyetse kwambiri msangamsanga pomwe kutero kukhoza kumupha chifukwa michere ya m'magazi monga phosphate imagwa mwadzidzidzi, amayenera kuyamba pang'onopang'ono akuyezedwa. Zimenezi amaziphunzira munthu ataima pambali pa bedi, atalakwitsa pa pepala wina n'kumukonza asanafike kwa wodwala. Kosi imene ilibe maola oterewa, kapena imene ikuti ma practical ake ndi kuyeserera ndi mnzanu wa m'kalasi pa Zoom, siyingakukonzekeretseni kuona odwala, olo mavidiyo ake akhale okoma chotani.

Ndipo funsani kuti kosiyo imaphunzitsa liti za kutumiza wodwala kwa dokotala. Munthu amene akuwonda popanda chifukwa, amene akuona magazi m'chimbudzi, amene chakudya chikumutsamwa, amene akutuluka thukuta usiku ndi kutsokomola kosatha, mayi woyembekezera amene mutu ukumupweteka ndi kutupa, wachinyamata amene akudzimana chakudya mwadala, onsewa si oti uwalembere ndondomeko ya zakudya n'kuwauza kuti tionane mwezi wamawa. Ngati mu silabasi simukuona paliponse pamene akuphunzitsa malire a ntchito yanu, kapena choipa kwambiri ngati akuphunzitsa kuti madokotala ndi adani ndipo wodwala akhoza kusiya mankhwala ake a BP, a shuga kapena ma ARV, tsekani tsambalo musabwererenso.

Maganizo anga ndi awa, ndipo ndikudziwa kuti ena sagwirizana nawo. Ngati mulibe maphunziro aliwonse a zaumoyo ndipo mukufuna kuti ntchito yanu ikhale ya kadyedwe, yambani ndi dipuloma kapena digiri ya nutrition kapena dietetics ku koleji yozindikirika, ija yokhala ndi chemistry, biochemistry, kagwiridwe ntchito ka thupi, za mankhwala, statistics ndi ma practical a kuchipatala ndi a m'madera. Inde ndi yaitali, ndi yotopetsa, masamu ake ena amawathawa, koma ndi imene idzakupatseni ntchito ndiponso maso oonera kuti mu functional medicine chabwino ndi chiti, chopanda umboni ndi chiti. Kuyamba ndi functional medicine ulibe maziko amenewa n'koopsa chifukwa chilichonse chimene lekichala anganene chimamveka cha sayansi, mayina a ma enzyme ali mbwee, ndipo ulibe poyambira kutsutsa. Ngati ndinu dokotala, nesi, wa za mankhwala kapena dietitian kale ndipo mukuona kuti ku sukulu za kadyedwe munangozilawa, zomwe ndi zoona m'masukulu ambiri a udokotala, mukhoza kuchita kosi yowonjezera, bola musankhe ya ku yunivesite yovomerezeka imene aphunzitsi ake mayina awo ndi maphunziro awo ali poyera ndipo mayeso ake munthu akhoza kulephera, ndipo mulowemo ndi maso otsegula, kutenga kafunsidwe kabwino ka mbiri ya wodwala ndi luso lomuthandiza kusintha moyo wake, kusiya mayeso okayikitsa aja. Ndipo ngati cholinga chanu n'kungothandiza anthu athanzi kudya bwino ndi kulimbitsa thupi, zija za health coach, palibe cholakwika, kosi yaifupi ikhoza kukwanira, koma muzinena zoona kwa anthu kuti ntchito yanu ndi imeneyo, musamayeze magazi a anthu kapena kuwapatsa mayina a matenda.

Musamamvere maumboni a pa tsamba la sukulu okha, aja oti moyo wanga unasinthiratu, chifukwa amasankha okha oti aike. Sakani nokha anthu amene anamaliza kosiyo zaka ziwiri kapena zitatu zapitazo muwafunse kuti pano akugwira ntchito kuti, kodi pepalalo linawalowetsa pa khomo lililonse la chipatala kapena bungwe, kapena ndalama zawo zikuchokera pa kugulitsa mabotolo ndi kukopa ena kuti alowe kosi yomweyo. Ngati omaliza ambiri akudya pokopa ophunzira atsopano ndiye kuti chimene chikugulitsidwa ndi kosiyo, osati luso. Funsaninso ngati mapointi ake angalandiridwe ku yunivesite ina mutafuna kupitiriza, komanso ngati fizi imabwezedwa mutasiyira pa njira, ndipo yankho likhale lolembedwa. Amene akukuimbirani foni kawirikawiri kuti mtengo wotsika utha lero pakati pa usiku, ameneyo ndi wamalonda, sukulu yeniyeni siyithamangitsa munthu chonchi.

Pempho langa kwa inu a Mkonzi n'lakuti mutumize mtolankhani wanu ku mabungwe amene amalembetsa ogwira ntchito zaumoyo ndi amene amavomereza masukulu, akawafunse kuti ndi mapepala ati a za kadyedwe amene amawazindikira, ndipo munthu wa satifiketi ya pa intaneti ya functional medicine amaloledwa kuchita chiyani ndi odwala, kenako mayankhowo muwasindikize momveka bwino mu Chichewa kuti makolo amene akulipira mafizi ndi achinyamata amene akufuna kulembetsa awerenge okha. Ndingakondenso kuti amene amaphunzitsa kapena anaphunzira makosi amenewa ayankhe kalata yangayi pa tsamba lomweli, atiuze maola amene ophunzira awo amakhala ndi odwala enieni ndiponso amene amawayang'anira.

Ine wanu,
Muwerengi wokhudzidwa